CIFUWA CA ASIMA NDI INHELA YA BULUU: ZIMENE BANJA LIRI LONSE LIYENERA KUDZIWA

Mwezi wa June ukafika ndipo cisanu cikayamba kuluma, m'makomboni muli nyumba zambiri zimene anthu sagona tulo. Pakati pa usiku kapena m'mbandakuca mwana ayamba kutsokomola kosalekeza, m'cifuwa mwace mulira ngati mluzu, ndipo akhala tsonga pamphasa kufunafuna mpweya. Amai ace athamangira kuwiritsa madzi, atate ace ayamba kuganiza kumene angapeze galimoto usiku wotere. Kukaca mwana aoneka bwino, apita kukasewera ndi anzace, ndipo nkhani iiwalika kufikira usiku wina.

Kawirikawiri matenda otere ndi cifuwa ca asima, cimene ena acicha mphumu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerenga kuti m'caka ca 2019 anthu okwana mamiliyoni 262 anali ndi matendawa, ndipo anthu 455,000 anafa nao. Ambiri a iwo amene anafa anali a m'maiko osauka, kumene odwala sadziwa dzina la matenda ao kapena sapeza mankhwala oyenera. Comvetsa cisoni ndi cakuti imfa zambiri za asima zingathe kupewedwa, pakuti mankhwala ace alipo ndipo agwira nchito bwino ngati munthu adziwa kagwiritsidwe kace.

ASIMA NCIANI?

Mpweya umene munthu akoka upita m'mapapo kudzera m'timipaipi tambiri togawikana ngati nthambi za mtengo. Kwa munthu wa asima, mkati mwa timipaipi timeneti mukhala motupa masiku onse, ngakhale pamene iye amva bwino. Kutupa kumeneku kucititsa kuti timipaipi tisacedwe kunyansidwa ndi zinthu zimene sizibvuta anthu ena.

Munthu wotere akakoka utsi, fumbi kapena mphepo yozizira, zinthu zitatu zicitika. Minofu yozungulira timipaipi ifinya, kutupa kwa mkati kuonjezeka, ndipo mutuluka makhololo onanda. Njira ya mpweya icepa, ndipo mpweya ubvutika kulowa, makamaka kutuluka. Mpweya wopita m'njira yopanikizika ndiwo umveka ngati mluzu. Wodwala amva cifuwa cothina ngati wina wacimanga ndi cingwe, atsokomola, ndipo apuma mwa befu. Zimenezi zikula usiku ndi m'mamawa, ndipo zibwera ndi kupita.

Asima si matenda opatsirana. Munthu sangawatenge mwa kudyera mbale imodzi kapena kugona cipinda cimodzi ndi wodwala. Ndiponso sacokera kwa afiti. Kawirikawiri ayenda m'magazi a pamtundu: ngati kholo liri ndi asima, kapena kuyetsemula ndi kuyabwa m'mphuno kosatha, kapena zotupa zoyabwa za pakhungu, mwana angathe kukhala nao. Ambiri ayamba ali ana, koma ena ayamba atakula kale. Mankhwala ocotseratu asima kulibe, koma angathe kugonekedwa kotero kuti munthu agwira nchito, aphunzira ndi kugona bwino monga wina ali yense.

ZIMENE ZIUTSA CIFUWA

Munthu ali yense ali ndi zace zimene zimuutsira cifuwa, ndipo nkofunika kuti banja liziyang'anitsitsa. Cacikulu kwa ana ndi cimfine. Cina ndi utsi: wa fodya, wa mbaula ndi nkhuni, wa nyali ya palafini, wa zinyalala ndi mapulasitiki otenthedwa kuseri kwa nyumba, ndi wa mankhwala ofukiza udzudzu. M'nyengo ya cisanu mabanja ambiri alowetsa mbaula m'nyumba ndi kutseka mazenera. Zimenezi ziutsa asima, ndiponso makala oyaka m'cipinda cotseka atulutsa mpweya woipa wosanunkha umene upha ndi anthu opanda asima omwe.

Kuyambira August kufikira October bvuto likhala fumbi la m'miseu ndi utsi wa thengo lotenthedwa. M'nyengo ya mvula likhala nkhungu yomera pa zipupa zonyowa. M'nyumba mulinso mphemvu, ubweya wa amphaka ndi agalu, ndi tizirombo tosaoneka ndi maso tokhala m'matilesi, m'mapilo ndi m'mabulangete. Ena cifuwa ciwayamba ndi fungo la polishi, penti, mafuta onunkhira kapena mankhwala opopera tizirombo.

Nchito zina nazo ziutsa matendawa: ya pacigayo, ya ukalipentala, yophwanya miyala, yophika buledi, yopopera penti pa magalimoto, yosankha fodya ndi ya m'mafakitale a thonje. Munthu amene aona kuti cifuwa cace cipepuka pa Sondo ndi pa chuti, koma cibwerera akayamba nchito, ayenera kuuza dotolo zimenezi.

Palinso mankhwala ena amene abvuta odwala asima. Aspirin, ibuprofen ndi diclofenac aika ena pangozi, ndipo mankhwala ena a BP ndi mtima, monga propranolol ndi atenolol, angathe kutseka cifuwa. Cifukwa cace wodwala ayenera kuchula matenda ace nthawi iri yonse pamene alembedwa kapena agula mankhwala.

SI CIFUWA CIRI CONSE NDI ASIMA

Munthu sayenera kudziweruza yekha kuti ali ndi asima ndi kukagula inhela. Cifuwa copitirira milungu 2, pamodzi ndi kuonda, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi kapena magazi m'makhololo, cingathe kukhala TB, ndipo makhololo ayenera kupimidwa. Mankhwala a TB aperekedwa ulere m'zipatala za boma. Mwana wotentha thupi ndi kupuma mofulumira angathe kukhala ndi cibayo. Wacikulire wa befu ndi miyendo yotupa angathe kukhala ndi matenda a mtima, ndipo munthu amene wakoka fodya kapena utsi wa nkhuni zaka zambiri angathe kukhala ndi mapapo oonongeka. Dotolo afunsa mbiri ya cifuwa, amvetsera m'cifuwa, ndipo kumene kuli cipangizo copimira, auza wodwala kuuzira mwamphamvu asanalandire mankhwala ndi atalandira, kuti aone ngati njira za mpweya zatseguka.

INHELA YA BULUU

Inhela ndi kabotolo ka citsulo kokhala m'cikuto ca pulasitiki. Munthu akakanikiza kabotolo, mutuluka mankhwala oyezedwa kale ngati nthunzi, ndipo iye awakoka ndi mpweya. Cipangizo cimeneci cinayamba kugulitsidwa ku America m'caka ca 1956. Mankhwala amene ali mu inhela ya buluu achedwa salbutamol. Anapangidwa ku England m'caka ca 1966 ndi akatswiri otsogozedwa ndi David Jack, ndipo ambiri awadziwa ndi dzina la malonda lakuti Ventolin. Makampani ena awapanga ndi maina ena, kotero cofunika ndi kuwerenga dzina lakuti salbutamol pa kabotolo, osati kudalira mtundu wa cikuto cokha.

Nchito ya salbutamol ndi kumasula minofu imene yafinya timipaipi. Ayamba kugwira nchito pasanathe mphindi 5, ndipo mphamvu yace ikhala maola 4 kufikira 6. Kabotolo kamodzi kawirikawiri kapopera nthawi 200, ndipo pa kupopera kuli konse mutuluka mamaikulogalamu 100. Pa befu wamba, kupopera kamodzi kapena kawiri kukwanira.

Ena akapopera anjenjemera manja, mtima ugunda msanga, kapena mutu uwawa pang'ono. Zimenezi zitha zokha, ndipo si cifukwa cosiyira mankhwala. Mainhela a masiku ano sali ndi mpweya wakale wa CFC, umene maiko anagwirizana kuuleka pa pangano la ku Montreal la 1987 cifukwa coononga thambo. Acikulire amene anazolowera akale anena kuti atsopano apopera mofatsa ndipo amveka mosiyana mkamwa, koma mankhwala ace ndi omwewo.

MANTHA A ANTHU

M'makomboni mumveka mau akuti munthu akayamba inhela saleka, kuti inhela ifoketsa mtima, ndi kuti ndi ya odwala otsala pang'ono kufa. Cifukwa ca mau amenewa makolo ena akana inhela kukiliniki ndi kupempha mapilisi, mankhwala akumwa a madzi kapena jekeseni.

Zoona zace ndi izi. Salbutamol alibe cibaba ngati fodya kapena mowa. Munthu amene apopera tsiku ndi tsiku sacita tero cifukwa cozolowera, koma cifukwa cakuti matenda ace sanagonekedwe. Ndiponso inhela ipereka mankhwala ocepa kuposa pilisi. Pilisi limodzi la salbutamol la mamiligalamu 4 liri ndi mankhwala ofanana ndi kupopera nthawi 40. Pilisi liyamba lapita m'mimba, lilowa m'magazi, lizungulira thupi lonse, ndipo pofika m'mapapo papita theka la ola kapena kuposa. Ndiye cifukwa cace mapilisi anjenjemeretsa kwambiri ndi kugunditsa mtima. Inhela ipereka mankhwala pamalo peni peni pamene pali bvuto. Akatswiri a matendawa salangizanso mapilisi kapena mankhwala a madzi a salbutamol kumene inhela ipezeka.

KAGWIRITSIDWE KOYENERA

Odwala ambiri adandaula kuti inhela siwathandiza, pamene colakwa ndi kapoperedwe. Mankhwala athera pa lilime ndi kukhosi m'malo mofika m'mapapo. Njira yoyenera ndi iyi.

Wodwala aime kapena akhale tsonga. Acotse cotsekera ndi kuona kuti mkati mulibe kanthu. Akhuchumule inhela bwino, ndi kuigwira coimirira, kabotolo ka citsulo kali pamwamba. Atulutse mpweya wonse pang'ono pang'ono, kumbali. Aike kukamwa kwa inhela pakati pa mano ndi kutseka milomo. Ayambe kukoka mpweya mofatsa, ndipo atangoyamba kukoka akanikize kabotolo kamodzi, napitiriza kukoka kufikira cifuwa citadzala. Acotse inhela mkamwa ndi kugwira mpweya kwa masekondi 10, kapena monga angathere, ndipo atulutse mofatsa. Ngati afunika kupoperanso, adikire theka la mphindi ndi kukhuchumulanso.

Zolakwa zofala ndi kusakhuchumula, kukanikiza kawiri kapena katatu pa mpweya umodzi, kukoka mofulumira kwambiri, ndi kukanikiza mpweya utalowa kale. Ngati nthunzi ioneka ikutuluka mkamwa kapena m'mphuno, mankhwala atayika. Inhela yatsopano, kapena imene yakhala masiku ambiri osagwira nchito, iyambe yapoperedwa m'mwamba kawiri. Safunsa anadya phula: wodwala azinyamula inhela yace popita kukiliniki ndi kupempha anesi kuti amuone mmene apoperera.

BOTOLO LOTHANDIZA ANA

Ana ang'ono, okalamba ndi munthu amene wabanika kwambiri sangathe kukanikiza ndi kukoka mpweya pa nthawi imodzi. Iwo athandizidwa ndi cipangizo cochedwa sipesa, cimene ciri ngati botolo lokhala pakati pa inhela ndi kamwa. Mankhwala ayandama m'botolomo, ndipo wodwala awakoka mwa kupuma monga mwa masiku onse.

Sipesa igulitsidwa m'makemisiti, koma kumene siipezeka ingathe kupangidwa panyumba. M'caka ca 1999 madotolo a ku Cape Town, otsogozedwa ndi Heather Zar, anaonetsa kuti botolo la pulasitiki la zakumwa zoziziritsa kukhosi la mamililita 500 lithandiza ana a asima mofanana ndi sipesa yogula. Botolo litsukidwa bwino, ndipo kunsi kwace kuboolewa bowo lofanana ndi kukamwa kwa inhela, lothina kuti mankhwala asatuluke m'mbali. Inhela ilowetsedwa pa bowolo, ndipo mwana aluma kukamwa kwa botolo ndi kutseka milomo. Kholo likanikiza kamodzi, mwana apuma nthawi 5 kapena 6, ndipo pambuyo pace kholo likhuchumula ndi kukanikizanso. Kupopera kambiri m'botolo nthawi imodzi ndi kutaya mankhwala.

Botolo lizitsukidwa ndi madzi a sopo wotsukira mbale ndi kulisiya liume lokha. Kulipukuta ndi nsalu kucititsa kuti mankhwala azimamatira m'mbali mwace. Mwana wosakwana zaka 4 kawirikawiri sangathe kutseka milomo bwino, ndipo afunika sipesa yokhala ndi cophimba mphuno ndi kamwa. Sipesa si ya ana okha: ndi akulu omwe alandira mankhwala ambiri m'mapapo akaigwiritsa nchito.

YA BULUU PAYOKHA SIKWANIRA

Apa ndi pamene pagona nkhani yaikulu. Inhela ya buluu imasula minofu, koma siicotsa kutupa kwa mkati. Iri ngati munthu wokapa madzi m'nyumba yodontha popanda kukonza denga. Wodwala amva bwino kwa maola ocepa, aganiza kuti wacira, koma kutupa kupitirira kufikira tsiku limene cifuwa citseka kotheratu.

Phunziro limeneli linabwera ndi maliro. M'zaka za m'ma 1960 imfa za asima zinaculuka ku England, Australia ndi New Zealand pamene odwala anadalira inhela yamphamvu ya isoprenaline. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 zinaculukanso ku New Zealand pa nthawi ya mankhwala ochedwa fenoterol. Salbutamol ndi wofatsa kuposa mankhwala amenewo, koma ofufuza apeza kuti munthu womaliza mainhela a buluu 3 kapena kuposa pa caka ali pangozi yaikulu yakubanika koopsa, ndipo womaliza imodzi mwezi uli wonse ali pangozi ya imfa. Mainhela 3 ndi kupopera nthawi 600, ndiko kuti pafupifupi nthawi 12 pa mlungu. Ambiri amene afika pamenepa sadziwa kuti ali pangozi.

Cifukwa ca zimenezi, m'caka ca 2019 bungwe la GINA, limene linakhazikitsidwa mu 1993 kuti lizipereka malangizo a kaciritsidwe ka asima pa dziko lonse, linasintha malangizo amene anakhalapo zaka zambiri. Linanena kuti akulu ndi acinyamata asamapatsidwe inhela ya buluu yokha, ngakhale amene adwala mwa kamodzi kamodzi. Ayenera kulandiranso mankhwala ocotsa kutupa.

Mankhwala ocotsa kutupa ali mu inhela ina, imene kawirikawiri ikhala ya bulauni, ndipo maina ace ndi beclomethasone kapena budesonide. Imeneyi siithandiza pomwepo. Igwira nchito pang'ono pang'ono, ndipo kusintha kuoneka patapita masiku kapena milungu ingapo. Ipoperedwa monga dotolo walembera, kawirikawiri m'mawa ndi madzulo, ngakhale pamene munthu ali bwino. Ambiri aitaya pa mlungu woyamba ndi kunena kuti ilibe mphamvu, osadziwa kuti imeneyi ndiyo ikonza denga. Atatha kupopera, wodwala acukuce mkamwa ndi madzi ndi kulabvula, kuti apewe zilonda zoyera za mkamwa ndi kusasa mau.

Palinso inhela yophatikiza budesonide ndi formoterol m'cipangizo cimodzi. Formoterol atsegula cifuwa msanga monga salbutamol, ndipo budesonide acotsa kutupa pa nthawi yomweyo. Imeneyi ndiyo GINA iika patsogolo kwa akulu ndi acinyamata. Mtengo wace ndi wokwera ndipo siipezeka pali ponse. Kumene kulibe, ya bulauni ndi ya buluu pamodzi zigwira nchito yabwino.

Makolo ena aopa akamva kuti mankhwala ocotsa kutupa ali m'gulu la masiteroidi. Amenewa si aja amene anyamata ena amwa kuti akule minofu, ndipo muyezo wace mu inhela ndi wocepa kwambiri. Mwana wowagwiritsa nchito zaka zambiri angathe kucepa msinkhu ndi sentimita imodzi kapena pafupi pamenepo, koma asima yosagonekedwa imulanda tulo, sukulu ndipo mwina moyo.

Banja lingathe kudziwa ngati matenda agonekedwa mwa kuyang'ana milungu 4 yapitayo. Kodi wodwala wabvutika masana koposa kawiri pa mlungu? Kodi cifuwa camudzutsa usiku? Kodi wafuna inhela ya buluu koposa kawiri pa mlungu? Kodi walephera nchito, sukulu kapena masewera? Ngati yankho ndi inde pa funso ngakhale limodzi, apite kukiliniki kuti dotolo aonenso mankhwala ace. Kugula inhela ina ya buluu kukemisiti si yankho.

CIFUWA CIKATSEKA MWAMPHAMVU

A m'nyumba onse, ndi ana okulirapo omwe, ayenera kudziwa cocita. Wodwala akhazikidwe tsonga, asagonekedwe. Zobvala zothina zimasulidwe, mazenera atsegulidwe, ndipo mbaula itulutsidwe. Anthu asamuunjikire kapena kulira pamaso pace, pakuti mantha aonjezera befu.

Apatsidwe inhela ya buluu kudzera mu sipesa kapena m'botolo, kupopera kumodzi kumodzi. Wamkulu kapena mwana wa zaka 6 kupita m'mwamba angathe kupoperedwa nthawi 4 kufikira 10. Mwana wosakwana zaka 6 apoperedwe nthawi 2 kufikira 6. Ngati sanapeze bwino, zimenezi zibwerezedwe pa mphindi 20 ziri zonse m'ola loyamba, uku ali pa ulendo wa kucipatala.

Pali zizindikiro zimene zisonyeza kuti moyo uli pangozi. Wodwala alephera kumaliza mau popanda kupuma. Mwana alephera kuyamwa kapena kumwa. Khungu la pakati pa nthiti ndi pansi pa khosi lilowa mkati popuma. Milomo, lilime kapena zikhadabo zisanduka zotuwa kapena zobiriwira. Wodwala afooka, aodzera kapena asokonezeka mutu. Inhela siithandiza, kapena befu libwerera pasanathe maola 3. Coopsa koposa ndi pamene mluzu wa m'cifuwa uleka koma munthu akali wobanika. A m'nyumba aganiza kuti wapeza bwino, pamene zoona zace ndi zakuti mpweya wacepa kotero kuti sungathenso kulira.

Cizindikiro cimodzi mwa zimenezi cikaoneka, wodwala apite kucipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Kudikira kuti kuce, kumufukiza nthunzi, kumumwetsa madzi a mandimu kapena kumuthamangitsira kwa sing'anga ndi kutaya nthawi imene siibwerera. Kucipatala apatsidwa mpweya wa okosijeni, salbutamol wambiri kudzera mu sipesa kapena makina a nthunzi, ndi mapilisi a prednisolone, amene akulu amwa masiku 5 kufikira 7 ndipo ana masiku 3 kufikira 5. Mapilisi amenewa ndi a masiku owerengeka okha. Kuwagula ndi kuwamwa miyezi yambiri popanda dotolo kubweretsa shuga, BP ndi kufooka kwa mafupa. Munthu amene wabanika kwambiri abwerere kukiliniki pasanathe mlungu umodzi ngakhale amva bwino, pakuti amene wabanika kamodzi sacedwa kubanikanso.

KASUNGIDWE NDI MOYO WA MASIKU ONSE

Inhela ya buluu iziyenda ndi mwini wace: m'thumba, m'cola ca kusukulu, pa ulendo wa kumudzi ndi kumaliro komwe, kumene kuli utsi ndi mphepo ya usiku. Yosiyidwa m'kabati yokhoma siithandiza munthu. Makolo auze aphunzitsi za matenda a mwana ndi kuwaonetsa kapoperedwe.

Isasiyidwe padzuwa, m'galimoto yotentha kapena pafupi ndi moto. Kabotolo kasabooledwe kapena kuponyedwa pamoto ngakhale katatha, cifukwa kaphulika. Cikuto ca pulasitiki cizitsukidwa ndi madzi ofunda kamodzi pa mlungu, kabotolo ka citsulo katacotsedwa, ndipo ciume bwino cisanabwezeredwe. Kabotolo kangathe kumveka ngati muli kanthu pokhuchumula pamene mankhwala anatha kale. Ncanzeru kulemba pa cikuto tsiku limene inhela yayamba kugwira nchito, ndi kupeza ina yoyamba isanathe. Kulembako kuthandizanso kudziwa mainhela amene atha pa caka. Mankhwala agulidwe m'makemisiti obvomerezedwa ndi bungwe la ZAMRA, osati pamsika kapena m'tuntemba, ndipo tsiku lothera mphamvu liwerengedwe.

Panyumba pasakokedwe fodya. Kuphika kucitikire panja kapena pamalo popita mphepo. Posesa, pansi pawazidwe madzi, ndipo wodwala atuluke. Mabulangete azicapidwa ndi kuyanikidwa padzuwa. M'malo mwa mankhwala ofukiza udzudzu, banja ligone m'maneti.

Mai wapakati wa asima asaleke mainhela ace. Mankhwala amenewa agwiritsidwa nchito ndi amai apakati ndi oyamwitsa kwa zaka zambiri, ndipo coopsa kwa mwana wa m'mimba ndi mai wosowa mpweya. Auze anesi a kusikelo za matenda ace pa ulendo woyamba.

Mwana wa asima asaletsedwe kusewera. Ochaya bola ochuka a timu ya Manchester United, David Beckham ndi Paul Scholes, anasewera zaka zambiri ali ndi asima. Paula Radcliffe wa ku Britain, amenenso ali ndi matendawa, anathamanga mpikisano wa London Marathon mu 2003 pa maola 2, mphindi 15 ndi masekondi 25. Ngati kuthamanga kuutsa cifuwa, dotolo angathe kulangiza kupopera patatsala mphindi 10 kapena 15 kuti masewera ayambe. Ngati befu libwera pa masewera ali onse, ndiye kuti mankhwala ocotsa kutupa afunika kuonedwanso.

Banja limene liri ndi wodwala asima lisadikire usiku wobvuta. Lipite kukiliniki wodwala akali bwino, litanyamula mainhela onse amene ali m'nyumba, ndi kupempha zinthu zitatu: kuonetsedwa kapoperedwe koyenera, kufunsa za inhela yocotsa kutupa, ndi kulemberedwa pa pepala zocita cifuwa cikatseka. Pepalalo lipacikidwe pamene onse a m'nyumba angalione, ndipo botolo lopoperamo likhale lokonzeka cisanu cisanafike.